Soya Anafunda Bulangete, Apongozi Anafunda Katani

Pali nkhani zina zoti ukazikumbukira uli m'minibasi umangopezeka wagwira kumaso, oyandikana nawe n'kumayesa dzino lakuvuta. Yangayi ndi ya soya ndi apongozi anga aakazi, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Chirimba, koma ndimakhala ku Machinjiri, komwe kumunsi kwa nyumba yathu kuli kadimba m'mbali mwa mtsinje. Chaka china ndinamva kuti soya akugulidwa bwino, phuma n'kundigwira. Mvula ikupita kumapeto, anzanga akuganiza zokolola, ine m'pamene ndinayamba kudzala, ndati ndizithirira. Ndinadzala zigawo zitatu motalikitsa nthawi kuti ndizikolola mosalekeza ngati esiteti. (Kuntchito ndinali nditauza kale anthu kuti zowotchererazi n'zongodutsira.)

Chaka chimenecho chisanu chinafulumira, Meyi asanathe. M'mawa wina ndinatsikira kudimba, udzu uli mbuu ngati wawazidwa ufa. Dzuwa litakwera ndinaona zoopsa. Soya woyamba, wa makoko olimba kale, anangowauka masamba m'mphepete. Wachiwiri anali pamaluwa, ndipo maluwa ena anali atayoyoka. Wachitatu, tiana tongomera kumene, tina tinali titada n'kuwerama ngati tathiridwa madzi otentha. Mtima unandipweteka kwambiri.

Ndinaganiza mwanzeru zanga kuti chomva kuzizira chimafuna chofunda. Madzulo, mkazi wanga, mayi a Chisomo, asanabwere kuchokera kumsika, ndinasonkhanitsa mabulangete onse a m'nyumba: lathu, la ana, ngakhale lija lolemera la alendo lomwe limakhala m'sutikesi. Ndinafunditsa tiana tija ndi wamaluwa uja, n'kutsindira miyala m'makona. Wamakoko sanapeze chofunda, ndinamuuza kuti apirire, ndi wamkulu. Zoti ife tifunda chiyani ndinati tiona, zitenje zilipo.

Ndisanafike n'kunyumba komwe, chiperoni chinayamba kuwaza. Ndipo pakhonde ndinapeza chikwama chachilendo ndi nkhuku yomanga miyendo. Apongozi anali atafika kuchokera ku Nsanje, kudzaonetsa maso kuchipatala. Munthu wobadwira kotentha, woti kwawo amagona panja, anali atakhala pamkeka mano akugogoda.

Mayi a Chisomo anandikokera kuchipinda.

"Bambo a Chisomo, bulangete la alendo lili kuti?"

"Lili kudimba."

"Mwalichapa?"

"Ayi. Lafunda soya."

"Bwerezani, mwina makutu angawa."

Ndinathamangira kudimba kuti ndikalitenge, koma linali litamwa madzi, lolemera ngati thumba la simenti, matope okhaokha. Ndinalibwezera pomwepo. Apongozi tinawapatsa zitenje, katani yomwe tinamasula pawindo la pabalaza, ndi jekete langa lakuntchito lonunkha utsi. Mkazi wanga, pofuna kundibisira, anawauza kuti mabulangete tachapa ndipo sanaume.

Bodza lija ndi lomwe linandimaliza. Kutacha apongozi anadzuka akutsokomola, ndipo poti ndi munthu wosakhala chete, anati akathandize mwana wawo kuyanika zochapazo padzuwa. Pachingwe sanapeze kanthu. Mdzukulu wawo anangowalozera kumunsi.

Anandipeza nditagwada, ndikuvundukula bulangete lawo lomwelo. Pansi pake tiana tija tinali titathyoka tonse, titamatirira m'matope chifukwa cha kulemera. Wamaluwa uja, maluwa otsala anakakamira ku ubweya wa bulangete, ndinachita kuwaona akunyamuka nalo limodzi. Chomwe chisanu chinasiya, ndinamaliza ndine. Wamakoko, yemwe ndinamumana chofunda, anali chilili, wosadandaula.

Mwambo wathu mukuudziwa, mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anaima chapatali, katani ikadali paphewa, n'kuyang'ana kumbali. Mayi a Chisomo anafika akuthamanga, ndipo apongozi analankhula nawo mofatsa, koma mokweza bwino kuti uthenga ufike.

"Mwanawe, tawafunsa bambowo. Odwalawo adzuka bwanji?"

Ndinayankha ndikuyang'ana dothi. "Auzeni kuti ena atisiya."

"Pepani nawo maliro. Koma uwauze kuti asadandaule, anawasamala. Ine ndakalamba chonchi sindinaonepo nyemba zogona bwino kuposa munthu."

Ndinalakalaka mtsinje uja ukanadzaza n'kundikokolola. Azimayi otunga madzi anali ataima kale ndi zidebe zawo, ndipo pofika masana nkhani inali itakwera minibasi kukafika ku Ndirande. Kuchipatala apongozi anapita ndi matenda awiri, maso ndi chifuwa.

Soya amene ndinakolola anali wamakoko yekha uja, wosadzaza ndi beseni lomwe. Ndinaphunzira kuti soya wamaluwa ndi wongomera sapirira chisanu, ndiponso kuti nyengo yodzala anthu sanaiike mwamasewera. Ndinagula bulangete lina, ndinatumiza mkazi wanga kukapepesa, apongozi anati zinatha kalekale.

Koma mpaka lero akamabwera kwathu, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, amatsika minibasi atasenza bulangete lawolawo pamutu, n'kudutsa nalo mzere wonse wa nyumba, akupereka moni khomo ndi khomo.