Lamba wa Magetsi a M'mutu

Lolemba
Lamulungu kubwela abusa ochokela ku Kasungu, ndipo mpingo wasankha ine kuti ndimasulile ulaliki wao m'Chitumbuka. Ine! Munthu woti ulaliki ukangoyamba, maganizo ali kale kumunda. Alamu anga ochita malonda pa boda andibweletsela chithandizo: lamba wa kumutu, batile, mawaya awili ndi timasiponji tonyika m'madzi amchele. Akuti, "Alamu, magetsi akalowa mu ubongo, maganizo sayendayenda." Ndalandila ndi manja awili.

Lachiwili
Lamba pamutu, Baibulo pamwendo, mphindi makumi awili. Pachipumi pakuyabwa ngati pali linthumbu. Zimene ndaganizila mosadukiza:
kuyabwako,
ngati tsitsi lingapse,
kuyabwako.
Mavesi amene ndawelenga: awili.

Lachitatu
Zikugwila! Ola lathunthu maso pa chinthu chimodzi. Tsoka lake chinthucho ndi tambala wa aneba. Mkazi wanga wandiitana katatu, ine duu. Akuti, "Kale mumamvako theka. Lelo ndakwatiwa ndi chitsa."

Lachinayi
Ndaonjezela mchele, ndakwezanso mphamvu. M'kamwa mukumveka chitsulo, m'maso mukung'anima. Mbuzi zisanu zalowa m'munda wa nshawa, mtedza wathu wa chaka chino. Ndaziyang'anitsitsa mwachidwi, osaphethila, mpaka zakhuta. Ina yamawanga imatafunila kumanzele.

Lachisanu
Mabala awili ofiila pachipumi, ndendende potulukila nyanga. Kuchipatala anesi aseka mpaka kugwila tebulo. "Adada, ubongo si wailesi. Zimenezi ngakhale madokotala akali kuziyesa, inu mwayamba kale kudziotcha? Muzigona mokwanila." Andipatsa mafuta odzola. Ulaliki sindinakonzekele.

Loweluka
Lamba wasowa. Batile ndalipeza mu wailesi ya mkazi wanga, mawaya amangila chitseko cha khola. Iye akungoimba nyimbo za kwaya. Sindifunsa kanthu.

Lamulungu
Chipewa m'chalichi sichiloledwa. Ndaima kutsogolo, nyanga zanga zikunyezimila ndi mafuta. Maola awili, mpingo wonse maso pachipumi panga. Palibe wosinza, palibe wotuluka, ngakhale makanda ali zii. Zimene ndamasulila sindikuzikumbuka, koma pena pake ndamva amai a kwaya akutsokomola pamodzi. Potuluka abusa andigwila dzanja, misozi m'maso: "Abale, mpingo womvetsela chonchi sindinauonepo!" Ndathokoza kuti yewo chomene. Mabalawa akuti apola m'masiku ochepa. Basi, mpingo ubwelele ku tulo take.