Loya wa Chamba

Mpaka pano ndikangomva mawu oti "mtsutso" ndimasaka pothawira. Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntcheu koma ntchito inandiponya pasekondale ina ku Nkhata Bay, ndipo fodya, ngakhale ndudu wamba, sindinasutepo (ndanena msanga, ngakhale ndikudziwa kuti nanunso simundikhulupirira).

Nthawi imene nkhani yovomereza ulimi wa chamba inali m'kamwam'kamwa, ahedi anaganiza zoti pa tsiku la makolo aphunzitsife tichite mtsutso, ana aonere. Mbali tinachita maere. Ine inandigwera yoti chamba chivomerezedwe.

Munthu wanzeru akanayankhula mwaulesi n'kugonja mwaulemu. Koma pagulupo panali Tamara, namwino amene ndinali nditatumiza kale thenga kwa makolo ake, ndiye ndinafuna aone kuti akukwatiwa ndi munthu wa mutu. Ndinatsanula mfundo. Ndinati fodya wa ku okushoni watigwiritsa fuwa lamoto, chamba n'chimene chingatiombole. Ndinati mumachokera zingwe, sopo, mafuta, mankhwala. Magazi atatentha ndinagunda pamtima, n'kuwonjezera zoti chimachiza mawondo (izi sindinawerenge paliponse, zinangobwera zokha). Holo yonse inaomba m'manja. Ndinapambana, ndipo wina anajambula zonse pafoni.

Sabata isanathe kanemayo anali atazungulira boma lonse. Kudoko onyamula katundu anandikuwira kuti "Loya wathu!", mmodzi n'kundilanda kathumba kanga ka usipa kundinyamulira mpaka kumsika. Ku Mwaya amuna a tsitsi lopotana anaimirira ine ndikudutsa. Kondakitala wa minibasi ya ku Mzuzu anatsitsa munthu pampando wakutsogolo kuti ndikhalepo ine, n'kundinong'oneza kuti ndikafuna "zakupsa" ndizingonena. Kutchalitchi ndiye benchi yanga inayamba kukhala ndi malo ambiri.

Kenako thenga uja anabwera nkhope ili gwa, kudzandiuza kuti bambo ake a Tamara akundifuna. Bambowa ndi mkulu wa mpingo, anakhalitsa ku Joni, ndipo masiku ano amayenda ndi ndodo. Ndinachita mantha osati masewera, poti ndinaona ukwati wanga ukupita. Ndinavala jekete dzuwa likuswa mtengo, njira yonse ndikuloweza mmene ndikadziyeretsere.

Anandilandira pakhonde, n'kuuza Tamara ndi amayi ake kuti alowe m'nyumba. Kenako anasendeza mpando wawo pafupi, uku akusisita bondo.

"Asambizi," anatero chapansipansi (kumeneko mphunzitsi amamutchula choncho), "zija munakamba za makongono, mawondowa. Amachita kumwa, kapena kupaka?"

Apa ndi pamene ndikanangokhala chete. Koma ine ndinaona mpata wotsuka dzina langa.

"Ada, zija musazitengere," ndinatero. "Anali maere chabe. Ine chamba ndimadana nacho, ndipo za mawondozo ndinangopeka."

Dzanja linasiya kusisita. Anandifunsa ngati ndikutanthauza kuti pa zonse zija, mpaka kugunda pamtima kuja, panalibe chimene ndinkakhulupirira. Ndinayankha kuti panalibe olo chimodzi, ndipo ndinayankha monyadira (inde, monyadira, ndikumwetulira).

"Wosuta chamba tikanamupempherera," anatero akutenga ndodo yawo. "Koma munthu wokamba bodza mokoma chonchija, mwana wanga munamuuza zotani?"

Pawindo katani inagwedera. Tamara anali atamva zonse.

Chibwenzi sichinathe ayi, koma thenga wanga nsapato zamuthera, akapita amangomuuza kuti akuluakulu akuganizabe. Chamba chija aboma anavomereza cha mankhwala ndi cha m'mafakitale popanda thandizo langa. Kudoko ndikadali loya, kutchalitchi benchi ikadali yanga ndekha. Pa mitsutso ya kusukulu ndinapempha ntchito yoliza belu.

Chondiwawa n'chakuti masiku ano ndikamuuza Tamara kuti ndimamukonda, amayamba wandiyang'ana bwinobwino, kenako n'kufunsa modekha: "Mbali imeneyi mwasankha nokha, kapena ndi maere?"