Azakhali Winfrida ndi Mafupa a Pakona

Ku Barking, mu London, kunalibe Mmalawi wosadziwa kuti Azakhali Winfrida ankafunditsa chilichonse. Wayilesi ya kanema, chitenje. Foni, chitenje. Ana a eni ake pasiteshoni ankangozindikira akulungidwa m'khosi. Ngakhale galu wa mzungu woyandikana nawo analawako.

"London imazizira," ankatero, ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Amene zinkamukwana ndi Vera, mwana wa mchimwene wawo, yemwe ankakhala nawo. Loweruka lina mu 1996 Vera anatenga ana ake, Luke ndi Wendy, kupita ku myuziyamu ya ana yophunzitsa za thupi la munthu. Azakhali anakakamira kutsatira, chikwama chili tho ndi zitenje.

Luke atapisa dzanja m'mano akuluakulu ophunzitsira kutsuka, Azakhali anamumenya kambama padzanja. "Osapisa m'kamwa mwa eni ake!" Wendy atati auzire chubu choyezera mapapo, anamulanda. "Malovu a London yense ali mmenemo!" Vera ankangokukuta mano.

Kenako anafika pa mafupa a munthu oimikidwa pakona. Azakhali anangoti njo.

"Vera, uyu ndi wa kwa ndani?"

"Ndi wapulasitiki, Azakhali."

"Ndafunsa kwawo. Abale ake ali kuti? Munthu wamwalira, inu n'kumuimika maliseche, ana azimukoka zala?"

Anamufunditsa chitenje, anagwada, n'kuyambitsa nyimbo ya pamaliro. Wendy anayamba kulira: "Mummy, who died?" Mlonda anabwera, Azakhali anamufunsa ngati ali ndi amayi. Mlondayo anawatulutsa onse anayi, ana asanaone n'komwe mtima waukulu woti munthu n'kulowamo umene Vera anawalonjeza sabata yonse.

Pobwerera kunyumba, m'sitima ya njanji ya District, Vera anaphulika. "Mwatichititsa manyazi! Day out imodzi yokha, Azakhali, imodzi!"

Sitima inafika pa West Ham. Apo Azakhali anati, "Amuna anga tinawaika kuno, m'matope a eni ake, nthawi ija kwathu sitinkaloledwa kupondako. Ine usadzandisiye kuno, Vera. Angadzandiimike pakona."

Vera anavomera, mkwiyo usanamuthere.

Azakhali anamwalira m'nyengo yozizira ya 1999, ndipo Vera ananyamuka nawo ulendo wa ku Ntcheu. Atamva kuti bokosi likwera kunsi kwa ndege, kwa katundu, kozizira, anatulutsa chitenje cha Azakhali. Anakangana ndi ogwira ntchito mpaka thukuta, mpaka iwo anatopa naye n'kumulola kufunditsa bokosilo.

"Mummy, you're embarrassing us," anatero Luke.

"Khala chete," anatero Vera, akumanga mfundo, misozi ili mbwembwembwe.

Masiku ano ku Barking zinthu zili pambalambanda. Mawayilesi a kanema amagona osafunda, ana amadikira sitima makosi ali pamtunda, ndipo palibe amene amawakalipira. Tikawaona timawasowa Azakhali koopsa. Analondola mayi aja, London imaziziradi.