Tsiku Limene Makina Anasoka Jekete la Buludoza

Pulani inabadwira pa masese a kwa Mavis, kuseri kwa msika wa Mzimba, chipanda chachitatu chitayamba kulankhula.

"Mbwenu tamverani," anatero Jonasi, amene anzake ankamutcha Buludoza. "Chimakina cha a Chikomeni chatilanda ntchito. Chimadzaza chokha matumba, chimasoka chokha, sichipita kumaliro. Tikachizula mota, chafa. Lolemba abwana adzatifuna okha, chipewa kumanja."

"Nzeru chomene!" anavomera Bennet, amene ankavomera chilichonse wina akamagula.

Atatuwa anali onyamula matumba pachigayo cha a Chikomeni mpaka makinawo atafika kuchokera ku Joni. Wachitatu, Stafford, anali mnyamata wamanyazi yemwe anafika Fomu 2, choncho anamudzoza kukhala Injiniya. Ntchito ya pachigayoyo ankaifuna kuposa onse, chifukwa bambo ake a Margaret, bwenzi lake la ku Embangweni, anali atanenetsa kuti mwana wawo sapita kwa lova.

Loweruka masana tauni yonse inali kumsonkhano wa chipani, ndi mlonda yemwe. Akatswiri athu analowera pawindo.

"Injiniya, masula mota," analamula Buludoza. "Ine ndikonze potengera."

Buludoza anatola thumba lopanda kanthu. Manja ake, omwe anatchera ufa zaka zisanu ndi zitatu, sanafunse mutu. Analikoleka pakamwa pa makina.

Makinawo ankangodikira chimenecho. Anadzuka. Ufa khuthu! Lamba anayamba kuyenda.

"Bennet, gwira uko! Iwe, koka! Ayi, kankha!"

Stafford ankalidziwa batani lofiira lozimitsira, chifukwa anali atawerenga chikwangwani chonse, ndi dzina la fakitale lomwe. Koma batanilo linali kumbuyo kwa Buludoza, ndipo Stafford analeredwa bwino: wamkulu akamalankhula sumudula mawu. Anakweza mkono ngati m'kalasi, nadikira.

Singano inagwira jekete la Buludoza n'kulisokera kumodzi ndi thumba, msoko wowongoka bwino. Lamba anamunyamula ngati mkwatibwi, n'kukamuponya pamulu. Bennet pofuna kumukoka anapsinjidwa ndi thumba lachiwiri. Kenaka belu la makina linalira kuitana lole.

M'malo mwa lole kunabwera a Yufi, anyamata a chipani omwe ankasaka anthu ozemba msonkhano. Anapeza mizukwa iwiri yoyera mbuu ikutukwanana m'Chitumbuka, ndi Stafford ataima pakona, mkono udakali m'mwamba.

"Iwe ukufuna kunena chiyani?" anafunsa mkulu wawo.

"Yewo, bwana. Batani lofiiralo."

A Chikomeni atafika anasisita makina awo mwachikondi. "Kani amagwiranso mbava?" Madzulo omwewo mlonda naye anachotsedwa ntchito.

Komabe Buludoza sananame kwenikweni. Lolemba atatuwa anapatsidwadi ntchito yamanja, yolima munda wa kundende, komwe kulibe makina olanda munthu khasu. Margaret anadikira mpaka chimanga chitacha, kenaka anakwatiwa ndi makaniko amene amathira girizi makina aja.