Tsiku Limene Wotchi Yanga Inaphulika kwa Apongozi

Pali manyazi ena amene munthu umachira, koma awa anga akana mankhwala. Lekani ndikuuzeni, mwina mtima ungatsike.

Taonga, mkazi wanga (nthawi imeneyo tinali pa chibwenzi), anandichenjeza kuti bambo ake, ba Sakala a ku Woodlands, amakonda mawotchi aja opanda batire, oyenda ndi sipuling'i. "Ba dadi amayamba kuona pa mkono, nkhope pambuyo," anatero. Ine mwana wa ku Kabwata, nthawi ndinkaonera pa foni yosweka galasi. Tsiku lokaonekera kwawo litayandikira, ndinathamangira ku City Market.

Mdala wina wa katebulo anandiyalira mawotchi atatu. "Ba bosi, iyi nkoloko ni ya bantu ba ku Kabulonga, mutengo monga kamotoka. Imveleni." Ndinaiika kukhutu, inkapuma pansipansi ngati khanda lagona. Yachiwiri, ya mtengo wa lendi, inkagunda mwaulemu. Yachitatu, ya mtengo wa thumba la ufa, inkanyezimira kuposa zinzake zonse ndipo inkalira kwe kwe kwe, kumveka ngakhale m'phokoso la mabasi.

"Zonsezi zimanena nthawi imodzi?" ndinafunsa.

"Lelo, ee," anayankha mdalayo. "Koma iyi yochipa siifuna vankhondo. Muziisunga monga dzila."

Ndinatenga yochipayo (inu mukanatani?). Za dzirazo ndinaziiwala ndisanafike pa siteshoni.

Mawa lake ndinapita ndi amalume, amene anandilangiza njira yonse: apongozi sayang'anidwa m'maso, apongozi aakazi sayandikiridwa, moni ndi wogwada, kuwomba m'manja mofukata. Tinakhala pansi pa kapeti. Ba Sakala atalowa ndi amayi a Taonga, ndinaba diso. Pa mkono pawo panali kawotchi kofatsa, kopanda golide, koma kooneka kuti kakhoza kugula ine ndi amalume omwe. Ndinakwinya dzanja la shati kuti yanga ionekere.

Kenako moni. Ndinafuna kuti aone ulemu ndi wotchi nthawi imodzi, ndiye ndinawomba ndi mphamvu zonse. Phu! Phu! Phu! Thwaa!

Abale inu! Galasi linauluka. Chotsekera cha kumbuyo chinagubuduka mpaka kunsi kwa kabati. Tizitsulo tinamwazika ngati mpunga, ndipo sipuling'i inadumpha n'kukakola m'chitenje cha apongozi aakazi, pabondo penipeni.

Kukatenga sindingathe, mwambo ukukana. Kuyang'anako sindingathe. Ndinangogwada pomwepo ndi lamba wopanda kanthu pa mkono, amalume akunditsina m'nthiti. Kukhitchini kunamveka Taonga, sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Mumtima ndinati basi, mkazi wapita. Ndinamva chisoni chenicheni, misozi ili pafupi.

Ba Sakala anavala magalasi, anawerama, n'kutola kagudumu kamodzi.

"Munagula liti, mwana wanga?"

"Dzulo, atate."

"Hmm. Yanga iyi ni yakale kupambana Taonga. Koma nikafuna kuomba m'manja, nimaivula."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka ndi kuseka. Amayi anachotsa sipuling'i ija ndi zala ziwiri, anaiika pa sosa, n'kunena osandiyang'ana: "Ulemu wopwanya nkoloko sitinauonepo mu nyumba muno. Uyu mwana ni wathu. Mupatseni mupando." Mawu amenewo ndidzafa nawo.

Titakwatirana ndinabwerera kwa mdala uja n'kugula ina, mtundu womwewo, mtengo womwewo (musandiweruze, lendi siidikira). Kuvula wotchi pamaso pa ba Sakala sindingayerekeze, angaipemphe kuti aione. Ndiye masiku ano ndikapita ku Woodlands ndimawomba ndi nsonga za zala, pang'onopang'ono, kuti isagwedezeke.

Sabata yatha apongozi aakazi anakokera Taonga pambali, ine ndikumva: "Mwamuna wako wasintha. Ulemu uja unasila, kulibenso."