Galimoto Yanga Ikulira Yokha

Lolemba

Nkhungu yaphimba Lifidzi yense. Galimoto yanga yaima pabwalo la apongozi, yonyowa ndi mame. Yakale, inde, koma yanga!

Loweruka amalume akubwera kudzandipemphera chitengwa. Chikamwini chandikwana. Ndikatseka maso ndikuziona: ine pachiwongolero, akazi anga a Nambewe pambali, ana kumbuyo ndi mapoto, tikukwera zitunda kupita kwathu ku Domwe. Kanyumba ka malata, mapichesi kuseri. Wina anenenso kuti mkamwini uja alibe kanthu!

Kavuto kamodzi kokha: alarime. Wondigulitsa ku Kalomwe anati galimotoyi ili ndi timaso, munthu akangoyandikira imakuwa. Lero yakuwa. Ndathamangirako, palibe munthu.

Lachiwiri

Ndikungotsegula chitseko cha nyumba, wiyu wiyu wiyu! Agalu akuyankha mpaka kutsidya. Ndikuzungulira galimoto yonse. Palibe.

Amene ndikuwakayikira:
— nkhuku
— mbuzi ya a Jusitino oyandikana nafe
— malole a mbatatesi
— nkhungu

Mtima wanga uli pa nkhungu. Imatsika m'phiri mopanda odi n'kuisisita galimoto. Ndingalirenso ine. Ndapukuta timaso tonse mpaka mbee. A Nambewe: "Mpango wanga wa kutchalitchi umenewo."

Lachitatu

Tsiku loyesa. Ndaponya nkhuku pafupi ndi tayala: zii. Ndakokera mbuzi: zii, yangotafuna labala wopukutira galasi. Lole yadutsa: zii.

A Zeka amakaniko, pafoni: "Kunsi kwa chiwongolero kuli kachitsulo. Kapotozeni kuti isamamve msanga." Sananene mbali yake. Tsopano ndikayetsemula ikulira. Ndakabweza.

Masana yaliranso. Ndikupita kukaizimitsa, ndaona nsonga ya chitenje kuseri kwake. Apongozi, mwina wa kudimba. Ndayang'ana kunkhokwe, monga mwa mwambo. Chikwatirire sitinaonanepo maso ndi maso. Mayi aulemu zedi amenewa.

Ku Domwe ndidzabzala nyemba mpaka pakhomo.

Lachinayi

Ndazindikira chinthu. Imalira ndikatuluka INE. Ena onse ayi.

Kapena imandisowa? Yayenda maiko, yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, lero yapeza mwini. Ndaisisita pamphumi n'kuiuza kuti ipirire, Loweruka si kale. Misozi pang'ono.

Ndamata timaso ndi pulasitala. Ikulirabe.

A Jusitino, ali kumpanda: "Achimwene, tizibwera ndi nkhuni za maliro kapena?"

Lachisanu

Kalanga ine!

A Nambewe andikhazika pansi. "Si nkhungu. Ndi amayi." Galimoto ndinaiimika panjira yawo ya kudimba. Akamva chitseko changa, amanyonyomala kuseri kwake kuti tisakumane. Iyo n'kukuwa. Ine n'kuthamangira komweko. Iwo n'kumakwawa kuizungulira, ine mbali iyi, iwo mbali iyo. Sabata yonse! Mawondo atupa. Dzulo ataya tomato dengu lonse.

Ndafunsa chifukwa chake sananene. "Akanauza ndani? Inu?"

Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Ndatenga mpeni, ndalowa kunsi kwa chiwongolero, ndadula waya wofiira. Ndi wina wapambali pake, kuti nditsimikize. Bata! Ndikumva njiwa. Ndikumva mtondo kutali. Mawa zonse zikoma.

Loweruka

Ndavala jekete. Ndikatenge amalume kumsewu, afike ngati bwana. Ndapotoza kiyi.

Palibe. Ngakhale kutsokomola.

A Zeka: "Wapambaliyo ndi wa injini. Chipangizo chake mpaka ku Tete, ngati chipezeke."

Amalume afika pa njinga ya kabaza, jekete lili fumbi lokhalokha. Akambirana pamphasa ndi a Filipe, alongo awo a apongozi. Ine poteropo, mutu pansi. Amalume ayankhula bwino ndithu: mwana wathu wakhwima, walima, wamanga, wagula ndi galimoto. Onse acheukira galimotoyo.

A Filipe, mofatsa: "Mlongo wanga wakuwizidwa ngati mbava pabwalo lake lomwe, ife tikumva. Nanga mwana wathu kumeneko, kumene sitidzamva?"

Chigamulo: tidikire kaye chaka china. Amalume abwerera pa kabaza yomweyo, osandiyang'ana. A Nambewe akutulutsa mapoto m'thumba mmene anawalongedza. Zikundiwawa kuposa kukalipiridwa.

Lamulungu

Nkhungu yabweranso. Anthu apita kutchalitchi, ine mutu ukuti waa. Ndakhala m'galimoto, manja pachiwongolero. Kutsogolo sikukuoneka kanthu, ndiye ulendo ukuyenda bwino. Tadutsa mlatho. Tikukwera chitunda chachikulu, ana akuimba. Apo denga likunyezimira, mapichesi achita maluwa...

Mapazi. Ndikuwadziwa, ndi a apongozi, akutsimphina pang'ono.

Ndatsetsereka msanga kunsi kwa chiwongolero, mawondo kuchibwano. Dzuwa latuluka. Iwo sakudutsa. Akuyala chiguduli pamwamba pa injini, akuthirapo nyemba kuti ziume. Akoka mpando. Akhala, azipirikitsa nkhuku.

Ndikulembera momwemuno. Khosi lauma. Nyemba zake n'zaziwisi ndithu, sizingaume lero.