A Estere Awiri m'Wodi Imodzi

Lolemba
Mwezi wachiwiri pa ntchito ya unesi, mtima suli m'malo. M'wodi ya amayi muli a Estere Namakhwa awiri. Mayina ofanana ndendende, chibale alibe.
- A ku Milonde: bala la pamwendo, anadzitema ndi khasu. Akulandira jakisoni wa penisilini.
- A ku Chinakanaka: malungo. Penisilini amawatupitsa mpaka kubanika, akuti ulendo wina anatsala pang'ono kutisiya.
Ndikangosokoneza, ndapha munthu. Ineyo!
Nzeru ilipo: mapepala a mayina kumutu kwa bedi. La a ku Chinakanaka ndalemba ndi cholembera chofiira, zilembo zikuluzikulu. Sukulu sindinapitire masewera.

Lachiwiri
Kwabwera gogo wina wa chifuwa. Mabedi adzaza, tawagoneka pa matilesi pansi. Ndikubwerera kotenga mankhwala, ndikupeza gogo ali pa bedi la pepala lofiira, a Estere a ku Chinakanaka ali pansi.
Akuti: "Ine ndigone pamwamba, amayi anga ali pansi? Anthu aziti ndinaleredwa kuti?"
Zina ukaona! Mwana wa gogo waona zofiirazo kumutu kwa mayi ake, wina wamuuza kuti anesi amalembera amene atsala pang'ono kumwalira. Waimbira kale abale kutsidya ku Mozambique. Akuti ayamba ulendo panjinga.
Mapepala ndachotsa. Nzeru yachiwiri: pulasitala pamkono, dzina ndi mudzi.

Lachitatu
Mapulasitala kulibe.
- Ya a ku Milonde yamatuka posamba.
- Ya a ku Chinakanaka mchemwali wawo wamatira beseni lodontha.
Choopsa china: awiriwa akondana. Akuitanana "adzina". Akudyera mbale imodzi, akulukana tsitsi pa bedi limodzi. Mabuku awo a kuchipatala asungira m'jumbo imodzi kuti asatayike. Jumbo imodzi!
Ndalekanitsa mabuku. Akundiyang'ana ngati ndathetsa banja.
Nkhomaliro yandikanika.

Lachinayi
Nzeru yachitatu: kufunsa ndi pakamwa, monga anatiphunzitsira.
"Ndinu a Estere a ku Milonde?" A ku Milonde: "Eee."
Ndayesa dala kwa a ku Chinakanaka funso lomwelo. "Eee."
Ndayesa kwa gogo, amene dzina lawo ndi Alinesi. "Eee, mwanangu."
Mayo ine! Ndafunsa chifukwa. A ku Chinakanaka akuti: "Anesi akalankhula sititsutsa, ndi mwano."
Abale a gogo afika, anthu asanu ndi thumba la ufa wa pamaliro. Apeza gogo akutafuna mzimbe. Ndapepesa mpaka malovu kuuma.

Lachisanu
Lero ndiye ndaziona.
Chiperoni kuyambira m'mawa, phiri silikuoneka. Odwala onse afunda mpaka kumutu. Mnzanga wa ntchito waitanidwa kwa mayi wobereka, ndatsala ndekha, panja mzere.
Nthawi ya jakisoni. Bedi la pawindo ndi la a ku Milonde. Ndatunga penisilini. "A Estere, tembenukani." Atembenuka, akweza chitenje, nkhope kukhoma. Ndapukuta ndi thonje. Singano yatsala kachala kamodzi.
Maso agwera pamwendo. Bandeji palibe. Bala palibe.
A ku Chinakanaka! Asinthana mabedi chifukwa adzina akumva mphepo pawindo.
Ndakhala pansi penipeni, pasimenti, yunifomu yoyera ndi yonse.
Ndafunsa: simunadziwe kuti jakisoniyu si wanu?
Akuti: "Ndinadziwa. Koma ndinati anesi adziwa okha chimene akuchita."
Ndalirira m'chipinda cha mankhwala. Ndikuopa, ndikuopa kwambiri.

Loweruka
Lipoti: ndilembe, ndisalembe?
Mnzanga akuti: "Sunabaye, ndiye ukudziwotcheranji wekha? Tseka pakamwa, iwe."
Ndalemba. Masamba awiri, dzina langa pansi. Ndapereka kwa a sisita, wamkulu wa wodi.
Awerenga mpaka kumapeto, osakweza mutu. Akuti: "Mwachita bwino kunena. Lolemba mukafotokozere anzanu onse pamsonkhano." Onse! Bola akanangondikalipira.
Alamula kuti a ku Chinakanaka asamukire mbali ina ya wodi. Pasanathe ola, adzina atsatira ndi ndodo yawo, akutsimphina. Akuti akusowa wocheza naye.

Lamulungu
A ku Chinakanaka akutuluka lero, malungo atha. Amoyo, osatupa. Zikomo Ambuye.
Koma mawa akakadwala kwina? Nzeru yomaliza: kuwaphunzitsa kukana. Takhala pakhonde, katundu ali kale pamutu pa mchemwali wawo.
Nenani: "Ayi anesi, penisilini amanditupitsa."
Anena. Kachiwiri. Kakhumi. Mawu akumveka bwino, mpaka gogo aloweza nawo.
Tsopano mayeso. Ndatenga jakisoni wopanda kanthu, ndaumitsa nkhope. "Mayi, uyu ndi penisilini. Tembenukani."
Andiyang'ana. Ayang'ana jakisoni. Atembenuka, ayamba kumasula chitenje.
Basi. Ndagonja. Ndangolemba za penisilini pachikuto cha buku lawo la kuchipatala, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuti wowabaya adzawerenge yekha.
Potsanzikana agwada, andipatsa chinanazi chimodzi, andigwira dzanja lomwe lija linatsala pang'ono kuwabaya.
Akuti: "Musamadzivute nafe, anesi. Inu ndi amene mumadziwa."